Mpini Wosaboola

Kwa Msampha,
Nachisaka, Dowa.
Mwezi wa Okutobala.

Apongozi anga a Enoki,

Ndayamba ndi moni. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Mzuzu? Nanga mkono uja uli bwanji, chikhakha anachotsa? Zala zikugwira? Akulu anu a Benjamini amene akukusungani, pamodzi ndi mayi a kunyumba kwawo, ndikhulupirira ali bwino.

Kuno kudzuka tikudzuka. Kwatentha koopsa, mapiri a kwanu ku Ntchisi sakuoneka n'komwe ndi utsi. Chitsime cha kudambo chaphwa, tikutunga pa mjigo wa kusukulu. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa mapasa, ndipo onse ali moyo. Anthu ayamba kugalauza mizere, nanenso ndikukandakanda pang'ono m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Mkazi wanu Felista m'thupi ali bwino. Mimba yakula, ndipo kusikelo akuti mwana ndi mvula yoyamba adzafikira limodzi. Koma mumtima sali bwino ayi. Foni yake imagona m'manja. Akakuimbirani simuyankha, akatuma mawu mwa akulu anu, mawu sabwerera. Mwamusiya chifukwa cha mlandu umene iye sanapalamule, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Ndikudziwa kuti mwadabwa. Chikwatirireni mwana wanga, inu ndi ine sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana m'njira ya kudimba, ine ndinkapatukira kutchire kuno, inu kutchire uko, n'kuwomba m'manja chakumbali. Mawu anga ankadzera mwa Felista, anunso chimodzimodzi. Ngakhale dzina lanu ndalilemba lero koyamba, pakamwa panga silinatulukepo.

Mwambo umenewu ndinaupeza, ndipo ndinkanyada nawo. Azimayi a ku mphakati akamadandaula za akamwini a masiku ano odya mbale imodzi ndi apongozi, ine ndinkatukula phewa n'kumati bwerani mudzaone wa kwathu. Lero ndauphwanya. Foni ndikanachita nayo manyazi, koma pepala lilibe maso.

Mukumbukira nthawi yosankha fodya, pamene Elifala wa kabaza anamupeza ali thapsa pamlatho wa kumunsi kwa msika, mutu utatupa, njinga yake yamoto itapita. Anamutengera kuchipatala asakudziwa kanthu. Mayi ake ndi ine timakhala benchi limodzi kutchalitchi. Ndinawaona akudzigubuduza pafumbi, ndipo mudzi wonse unali utawira, pakuti sanali woyamba kumenyedwa pamsewu umenewo.

Tsiku lotsatira masana ndinali m'chigafa, ndikusankha fodya kumbali yakumbuyo. Inu munabwera ndi mnzanu Mateyu, mwini kanyumba ka magemu kumsika, n'kukhala kuseri kwa mpanda waudzu. Simunadziwe kuti ndilimo. Ndinayenera kutsokomola kuti mudziwe, n'kutuluka mwakachetechete. Koma ndinaona kuti ndikuchititsani manyazi pamaso pa mnzanu, ndiye ndinangoti duu, tsamba lili m'manja.

Ndinkamva kasemasema akugogoda, mukusema kanthu uku mukucheza. Kenaka ndinamva mawu anu, ndipo ndiwalemba monga ndinawamvera.

"Mfuti ndi yopusa, Mateyu. Ukangowomba, apolisi afika. Chibonga ndiye chida. Wanjinga uja ndinamudikira pamlatho, kamodzi kokha m'mutu, basi. Njinga n'kuitenga."

Mateyu anaseka n'kufunsa kumene munaisiya njingayo. Inu munati munaigwetsera m'madzi apolisi atayamba kukuthamangitsani. Nonse awiri munaseka mpaka kutsokomola.

Ndinasuzumira pampata wa udzu. M'manja mwanu munali mtengo wa mutu waukulu, ndipo munali kuugwedeza m'mwamba kumusonyeza mnzanuyo mmene munamenyera. Apongozi, ndinaganiza za mwana wanga amene amagona nyumba imodzi ndi munthu woseka ataswa mutu wa mnzake.

Akanakhala mwana wanga wobereka ndekha, ndikanatuluka pomwepo n'kumugwira pakhosi kuti anene bwino. Nkhani ikanathera pa chigafa, mwina ndi kuseka. Koma inu ndikanakufunsani bwanji, munthu amene sindinamufunsepo ngakhale za kumene wagona mutu? Felista ndinamuopera, mimba inali ikadali yanthete. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Ndinathamangira kwa mlongo wanga Alexio, poti ndiye nkhoswe ya banja lanu. Ndinamupempha kuti akuitaneni pambali, akufunseni mwaulemu ngati amuna okhaokha. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Kupusa kwanga! Ndakula naye Alexio, ndikudziwa kuti pakamwa pake ndi pamsika. Asanafike kwa inu anadzera kwa apolisi a m'mudzi, amene mkulu wawo ndi malume ake a Elifala.

Choncho mwamva. Amene anatulutsa mawu aja ndine. Si Felista ayi.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine, popeza zinalembedwa pathupi panu. Koma lekani ndinene zimene ndinaona, kuti mudziwe kuti ndinalipo. Ndinamva mawezulo ndili pa mjigo, ndinasiya ndowa n'kuthamanga. Ndinapeza atakukokerani pabwalo, malaya atang'ambika. Wina anatuluka m'chigafa atanyamula mtengo uja m'mwamba, akuti chibonga chija ndi ichi.

Munafuula kuti inali gemu chabe. Mayo ine, liwu limenelo ndi limene linakutsirizani. Kuno anyamata akuba akapita kokachita zawo amati apita ku gemu, ndipo aliyense amadziwa. Anthu anangoti mwamva, wavomera yekha kuti inali gemu. Mateyu atayesa kufotokoza kuti ndi gemu ya pa kanema, anthu anati nayenso ndi wa gemu yomweyo, ndipo anapulumukira m'chimanga cha eni ake.

Anakumenyani ndi mtengo wanu womwe. Ndinamva mkono ukuthyoka ndili patali. Felista anadziponya pamwamba panu ndi mimba yakeyo, akulira kuti ayambe apha iye, mpaka galimoto ya apolisi inafika.

Nanga ine ndinali kuti? Kuseri kwa nkhokwe. Pamene panafunika kuti nditulukire poyera ndinene kuti anthu inu imani, ndine ndamva ndipo mwina ndamva molakwa, miyendo yanga inachita zimene inazolowera ikakuonani. Inapatuka. Chimenechi chimandiwawa kuposa zonse, ndipo sindidzinamiza kuti unali ulemu. Anali mantha.

Ndinamva kuti muli m'chitolokosi munamufunsa Alexio amene anakunenerani, ndipo iye anati ndi wa m'nyumba mwanu momwe. Ankabisa ine, mlongo wake, osadziwa kuti akuponya mwala pa mwana. Inu munakumbukira kuti m'mawa wa tsiku lomwelo munakangana ndi Felista, iye akudandaula kuti mumathera masana kwa Mateyu fodya ali mbwee. Munaphatikiza ziwirizo n'kupeza yankho. Sindikukudzudzulani, nanenso ndinaphatikiza zanga ziwiri n'kupeza bodza.

Mulungu ndi wabwino, Elifala anatsitsimuka. Ananena yekha kuti anamumenya ndi anthu achilendo amene anawanyamula kuchokera kumsewu waukulu, ndipo kuti inu simunali pafupi n'komwe. Pano akuyenda, ngakhale mawu akutuluka mochedwa. Apolisi atakutulutsani simunapondenso pakhomo pano. Munakwera basi ndi malaya ong'ambika omwewo.

Amene anakumenyani, lero akuyenda choweramira. Ena akuti iwo anangofika mochedwa, ena akuti ankaleretsa. Mudzi wonse unali woleretsa, kaya mkono unathyoka wokha. Ine ndimangowayang'ana, pakuti ndilibe pakamwa powanenera.

Tsono ndikuuzeni chimene ndinachita mwezi wathawu, mwina museka. Mateyu atabwerako ku Dzaleka kumene anakabisala kwa anzake, anatsegulanso kanyumba kake. Ine ndinamanga chitenje n'kupita. Ndinafuna kuona ndi maso anga chinthu chimene chinandipasulira banja la mwana.

Anyamata atandiona pakhomo, wina mpaka anabisa ndudu kumbuyo. Mateyu anandipatsa mpando mosandiyang'ana. Ndinamuuza kuti andionetse chibongacho. Iye anayatsa kanema wake wa sola, n'kundiika m'manja kachipangizo ka mabatani, koterera ngati sopo.

M'kanemamo munali mzinda waukulu, nyumba zosanjikana mpaka kumwamba, magalimoto ali piringupiringu. Pakati panaima mwamuna wa kabudula atandifulatira. Mateyu anati ameneyo ndinu, mayi. Ndinafunsa kuti akupita kuti, iye anati kulikonse kumene mufuna, mzinda wonse ndi wanu. M'dzanja la mwamunayo munali chibonga chosalala, chonga kamunsi kakang'ono.

Ndinakankha kamtengo ka chala chachikulu, munthu uja n'kuyamba kuyenda ngati woledzera, kugunda makoma ndi mitengo ya magetsi. Kutsogolo kunkabwera mayi wina atanyamula majumbo, akudziyendera zake. Ndinafuna kumupatukira, inu mukudziwa kuti kupatuka ndiye ntchito yanga. Chala chinatereka n'kudina pena. Chibonga chija chinangoti phi! m'mutu mwa mayiyo, majumbo uko, iye pansi.

Ndinakuwa kuti pepani mayi, pepani! Anyamata anaseka mpaka wina anagwa pa benchi. Ine sindinaseke. Ndinamuuza Mateyu kuti andisonyeze podina kuti ndimudzutse mayiyo, ndimutolere katundu wake.

"Batani lodzutsira munthu palibe, mayi," anatero. "Alipo ndi omenyera basi."

Posakhalitsa kunabwera apolisi a mmenemo, ine osadziwa kothawira, n'kundiwombera. Kanema anachita mdima. Ndinati basi zatha, koma taonani munthu wanga uja watulukira pakhomo la chipatala, malaya oyera, alibe ndi bala lomwe. Ndinafunsa za mayi wa majumbo. Mateyu anati ndikakhota pakona n'kubwerera ndikamupeza akuyendanso, ndipo sadzandikumbukira.

Anandionetsanso mlatho wake. Ulipodi, wautali, wa zitsulo, njinga zamoto zikudutsapo. Anati mumakonda kudikira pamenepo chifukwa mumafuna njinga yofiira yothamanga kwambiri, ndipo mukaipeza mumangozungulira nayo mzinda, kukwera mapiri a mmenemo mpaka nthawi yanu itatha. Anati kwanu konse n'kuyendetsa njinga, zomenyazo n'zongopezera njingayo. Ndinakumbukira kuti Felista ananenapo kuti mumalota zodzagula yanu fodya akadzayenda bwino.

Ndisaname, gemu yanuyo sindinaikonde. Munthu wamkulu, wandevu zake, woti mawa akhala bambo, kumasangalala ndi kuswa mitu ya anthu ngakhale akhale a m'galasi, ine sizikundilowa. Tikanakhala olankhulana ndikanakuuzani kalekale, mwina inunso mukanandiyankha kuti mayi, n'zoseweretsa, tikanatsutsana n'kuthana. Koma munthu samuthyola mkono chifukwa cha zoseweretsa. Ndipo amene anamenya munthu weniweni pakati pa inu ndi ine, si inu.

Ndinatuluka m'kanyumba kaja dzuwa likuswa mtengo, misozi ili chuchuchu, anthu a pamsika akundiyang'ana. Ndinadzera pamlatho wathu weniweni, wa matabwa, ndipo ndinakhala pansi kanthawi.

Pali china chimene sindinanene. Mlandu utatha, apolisi anabweza mtengo uja, ndipo Alexio anabwera nawo kunyumba. Felista anaulandira, n'kubwera nawo pamene ndinakhala ndikusenda nandolo. Anandiuza kuti ndiimirire. Anauimika pambali panga, ndipo unandifika m'chiuno ndendende.

"Mwamuna wamtali ngati uja angalimire kampini kafupi chonchi?" anandifunsa. "Ankasemera inu, amayi."

Akuti munaona kuti mpini wa khasu langa unang'aluka, ndipo ndinaumanga ndi mphira. Munakadula mtengo kuphiri, n'kumufunsa Felista msinkhu wanga, poti inu simunandiyang'anepo mokwanira kuti muudziwe. Munamuletsa kundiuza. Munati mukatha kuusema ndi kuuboola mudzangoutsamiritsa pakhomo panga m'mamawa, ndidzaupeze ndekha.

Chimene ndinachiona pampata wa udzu n'kuchitcha chibonga, chinali mphatso yanga. Apongozi, ndinalira ngati pamaliro a bambo ake a Felista.

Pomwepo ndinadziwanso kuti mwanayu ankadziwa zonse. Anandiona tsiku lija ndikutuluka m'chigafa chothamanga kulowera kwa Alexio. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanakuuzireni, kuti adzichotse pamoto. Anati mwamuna akakwiyira mkazi wake tsiku lina amabwerera, koma akadana ndi apongozi ake ndiye kuti mkaziyo adzakhala pakati moyo wake wonse. Anasankha kusenza yekha. Miyezi yonseyi wakhala akunditungira madzi, kundipatsa moni m'mawa, ali ndi mtolo wanga pamutu.

Ine ndinakhalabe chete ngakhale nditadziwa zimenezo, ndikuyembekeza kuti mtima wanu uzizira wokha. Sabata yatha ndinamupeza akuchapa malaya anu a kutchalitchi amene sanavalidwe chichokereni inu. Anawayanika, anawasita, n'kuwabwezera m'sutikesi. Pamenepo ndinati ayi, Roza, wakhala kuseri kwa nkhokwe mokwanira.

Tsono pempho langa ndi ili. Mkwiyo wanu ubwere kwa ine, ndiko kwawo. Mukafuna kundida mpaka kumanda, ndidani, ndilibe chokanira. Koma muimbireni Felista. Ngakhale musanene zambiri, angomva mawu anu asanalowe m'chikuta. Mwana wanu asabadwe bambo ake atafulatira mayi ake pa chinthu chimene anachita agogo ake.

Sindikukuuzani kuti mubwerere kudzakhala pano. Ndikudziwa kuti n'kovuta kumapatsana moni tsiku ndi tsiku ndi anthu amene anakupondani. Ndakhala pansi ndi Alexio ndi akuluakulu a mbumba yathu, ndawauza kuti mukafuna kumutenga Felista chitengwa, kukakhala naye kwanu ku Ntchisi kapena ku Mzuzu komweko, ine ndavomera. Anadabwa, poti mukudziwa kuti mwana wamkazi ndili naye mmodzi yekhayu, ndipo ndinkalumbira kuti sadzachoka pa dothi la amayi anga. Ndidzatsala ndekha pakhomo pano ndi mbuzi zanu. Ndi bwino ndimusowe ali kwa mwamuna wake, kusiyana n'kumuona tsiku lililonse akusita malaya opanda mwini.

Alexio nayenso akuti ali ndi mawu oti adzanene pamaso pa ankhoswe a kwanu. Ndamuuza kuti akadzayamba kuzungulira ngati mmene amachitira, ndidzamuthandiza ndine. Mayi ake a Elifala anabwera okha kudzandiuza kuti tikadzakulemberani tidzaikemo kupepesa kwawo, ndiye ndaikamo.

Ndasunga nkhuku yathadzi yoyera. Kwathu kuno mpongozi akapereka nkhuku kwa mkamwini pamaso pa ankhoswe, kuthawana kumatha, amayamba kulankhulana ngati mayi ndi mwana. Ndinkati ndidzachita zimenezi mukadzabereka ana angapo, monga anachitira amayi anga. Ndinachedwa nayo nkhuku imeneyi. Ikanaperekedwa chaka chatha, bwenzi nditangotulutsa mutu pampanda paja n'kufunsa kuti mwati mwamenya yani, inu n'kundiseka.

Mundiperekere moni kwa a Benjamini ndi banja lawo, muwathokoze chifukwa chokusungani pamene ife tinalephera. Mukamaimba foni kwanu ku Ntchisi, mupereke moni kwa mayi anu. Muwauze kuti ndikudziwa kuti anandipatsa mwana wamphumphu ine n'kumubweza wothyoka, ndipo ndidzapita ndekha kukagwada pakhomo pawo. Felista sakudziwa kuti ndalemba. Kalatayi ndapatsira Mateyu, akuti ali ndi mnzake woyendetsa basi ya kumpoto.

Ambuye akusungeni, akulimbitseni mkono ndi mtima womwe.

Mpini uja uli m'nyumba mwanga, kuseri kwa chitseko. Magazi ndinatsuka, koma sunabooledwe. Alexio anati autenthetsere chitsulo auboole kuti ndiyambe kulimira, ine ndinamukaniza. Ndikulimabe ndi wong'aluka uja wa mphira, ukunditsina m'manja m'mawa uliwonse, ndipo ndi bwino unditsine. Amene anauyamba ndi amene adzautsirize.

Mukadzabwera, kaya kudzakhala kaya kudzangotenga mkazi wanu, mudzandipeza m'njira ya kudimba. Musadzalowe kutchire. Ine sindidzapatuka.

Ndine mpongozi wanu wochimwa,
Roza Nabanda.